KODI BOMA NDANI? DANDAULO KWA ALEMBI ANZANGA

Pa msonkhano wathu wapitawu mnzathu wina anatiwerengera nthano yake ya mai wamasiye amene analandidwa dimba. Nthanoyo inali yogwira mtima ndipo ambiri tinaiombera m'manja. Koma ine ndinatuluka m'chipinda muja kanthu kena kakundisowetsa mtendere, ndipo popeza nthawi inatha ndisanakanene, ndati ndikalembe pano kuti amene akuona mwina adzandiyankhe m'kope likudzali.

Usiku womwewo ndinabwereka mapepala a mnzathuyo ndi kuyamba kuwerenga kuti liu loti "boma" walilemba kangati. Ndinalipeza kakhumi ndi kamodzi m'masamba anai okha. Boma linabwera kudzayeza dimba. Boma linalemba kalata. Mai uja anapita ku boma, boma linamuuza kuti abwerenso mawa, ndipo pamapeto pake anakhala pansi pa mtengo wa mango nalira kuti boma lamupha. Chondidabwitsa ndi ichi: wina aliyense m'nthanomo ali ndi nkhope. Mlamu wake wa maiyo ali ndi dzino lothyoka, a nyakwawa amayamba anunkha fodya asanayankhule, ngakhale mbuzi ya maiyo ili ndi dzina. Koma amene analanda dimba alibe nkhope, alibe dzina, sitidziwa ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ngati anapeza tulo usiku umenewo kapena ai. Mlembi amene anatha kuona dzino la mlamu anachita khungu atangofika pa khomo la ofesi.

Sindikumunyoza mnzathuyu. Nthenda imeneyi tili nayo tonse, ndi ine ndemwe, ndipo ndikhulupirira kuti gwero lake lili m'liu lenilenilo. Tiyeni tiliyale pamphasa tilione bwino.

Liu loti boma talisenzetsa akatundu asanu. Poyamba, boma ndi malo: tikati "ndikupita ku boma" tikunena kumene kuli ofesi ya Bwana D.C., polisi, positi ofesi, chipatala ndi ndende. Chachiwiri, boma ndi dera lonse lolamulidwa kuchokera pa malo amenewo, monga boma la Dowa kapena la Nsanje, ndipo maboma otere tili nawo 28. Chachitatu, boma ndi maofesi onse a nchito za dziko pamodzi ndi anthu okhala m'maudindowo, kuyambira mlembi wamkulu wa unduna mpaka mesenjala, ndiye timati "amalume amagwira m'boma." Chachinai, boma ndi gulu la atsogoleri amene akulamula pa nthawiyo, monga boma la Dr Banda kapena boma la a Muluzi, limene limalowa ndi kutuluka. Chachisanu, boma ndi dziko lenileni ndi malamulo ake, makhoti ake ndi chuma chake, chinthu chimene sichituluka pa chisankho. Motero munthu angathe kunena kuti, "Boma latuma munthu wa boma ku boma la Dowa kukaona nyumba za boma za pa boma," ndipo palibe mphunzitsi wa Chichewa amene angamchotsere malikisi. Chiganizocho ndi cholondola, koma mwa maboma asanuwo palibe awiri ofanana.

Nanga liuli linachokera kuti? Anthu ambiri, ngakhale ena ophunzira kwambiri, amati ndi chidule cha mau a Chingerezi oti British Overseas Military Administration. Ine ndinazimva ku sekondale ndipo ndinakhala ndikuzikhulupirira zaka zinai. Nkhaniyi ndi yokoma m'khutu koma si yoona. Henry Morton Stanley analilemba liuli m'buku la ulendo wake la 1878, ndipo lilimonso m'buku lotanthauzira mau a Chiswahili la Ludwig Krapf limene linatuluka mu 1882, Angerezi asanayambe kulamula dziko lino. Komanso ku Tanganyika Ajeremani anamanga nyumba zawo za ulamuliro ku Mikindani mu 1895 ndi ku Bagamoyo mu 1897, ndipo mpaka lero zimatchedwa boma. Kodi Mjeremani akanalola nyumba yake kutchedwa dzina loyamba ndi British? Zoona zake ndi zakuti liuli ndi la Chiswahili, ndipo tanthauzo lake ndi mpanda wa mitengo kapena wa minga wotchinjiriza mudzi, msasa wa apaulendo kapena khola la ng'ombe.

Njira imene linadzera si yovuta kuilondola. Chiswahili chinali chitafika kale m'mbali mwa nyanja ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, monga Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga. Pamene Harry Johnston anayamba kulamula mu 1891, anabwera ndi ankhondo a Chisikh ochokera ku India ndi ena ochokera ku Zanzibar, ndipo kulikonse kumene ankafuna kuti ulamuliro wake ukhazikike ankayamba wamanga mpanda wankhondo. Maina ake akale amachitira umboni: Fort Johnston, Fort Lister, Fort Anderson, Fort Maguire, Fort Manning, Fort Hill. Mzungu wokhala m'katimo, asanayambe kutchedwa D.C., dzina la udindo wake linali Collector, ndiye kuti wotolera msonkho. Choncho makolo athu anakumana ndi ulamuliro watsopanowu ataima kunja kwa mpanda, mashiling'i atatu a msonkho wa nyumba ali m'manja, ndipo amene analibe ankadziwa kuti nyumba yake itha kutenthedwa kapena mkazi wake kugwidwa mpaka msonkho utapezeka. Dzina la mpanda linakhala dzina la munthu wa m'mpandamo, kenaka la nchito yake, kenaka la ulamuliro wonse.

Pali kanthu kena kamene ndikakaganiza ndimaseka ndekha, ngakhale si koseketsa. Aswahili eni ake akafuna kunena zimene ife timati boma la dziko, amati serikali. Liu limeneli nalonso tinalitenga, koma mwa ife linasanduka msilikali. Taonani tsono: liu lawo la ulamuliro ife tinalipereka kwa munthu wonyamula mfuti, ndipo liu lawo la mpanda tinalipereka kwa ulamuliro. Makolo athu sanasokoneze kanthu. Anatchula chimene anaona.

Ndipo sikuti analibe liu laolao la mpanda wankhondo. Analipo malinga, ndipo ku Nkhotakota kuli malo otchedwa Linga mpaka lero. Chifukwa ninji sanati "ndikukapereka msonkho ku linga"? Maganizo anga ndi akuti linga ndi lako, umathawiramo ndi ana ako ng'oma ya nkhondo ikalira. Mpanda watsopanowu sunali wothawiramo. Unali wa eni, ndipo unayenera dzina lachilendo.

Titalandira ufulu mu 1964, maina ambiri tinawachapa. Fort Johnston anakhala Mangochi, Fort Manning anakhala Mchinji, Fort Hill anakhala Chitipa, Port Herald anakhala Nsanje. Likulu lomwe linasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Koma liu loti boma silinagwedezeke. Pamene a zofalitsa nkhani anafuna dzina la nyuzipepala yao ya Chichewa anaitcha Boma Lathu, ndipo ine ndimaona kuti "lathu" ameneyo anaikidwapo ngati mzati wochirikiza nyumba yopendekeka. Palibe amene amavutika kunena kuti "mudzi wathu ndi wathu." Chinthu chimene tiyenera kukumbutsana kuti ndi chathu ndiye kuti mtima sunavomereze.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tiliyerekeze liuli ndi mau ena awiri a maudindo amene tinawatola m'nyumba mwathu momwe. Liu loti nduna linabwera ndi Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835. Nduna ndi munthu wokhala pafupi ndi mfumu, woilangiza ndi wotumidwa nayo, ndipo kuchokera pamenepo tinapanga liu loti unduna. Liu loti phungu tinalitenga ku chinamwali. Phungu ndi munthu amene amaperekeza namwali, kumgwira dzanja, kumyankhulira pamene iye sangayankhule, ndi kuyankha mlandu namwaliyo akalakwitsa mwambo. Amene anaganiza zoti woimira anthu ku Nyumba ya Malamulo azitchedwa phungu anali katswiri wa chiyankhulo, kaya aphungu athu amalikwanitsa dzinalo kaya ai. Chofunika kuona ndi chakuti mau awiriwa saima okha. Ukati nduna, khutu limadikira kumva kuti ya yani. Ukati phungu, limadikira kumva kuti wa yani. Ndi maina a anthu amene ali ndi wowatuma. Koma ukati boma, khutu silidikira kanthu. Liuli limakwana lokha, lilibe wolituma.

Ngakhale malamulo a chiyankhulo amalithandiza kubisala. Boma lili m'gulu la maina la Li-Ma, motero timati "boma lati, boma lakana, boma lalamula," monga momwe timanenera kuti dzuwa lalowa, phiri lagumuka, tsoka lagwa. Ndikudziwa kuti m'gulu lomweli mulinso banja ndi khamu, choncho sindinena kuti gulu la dzina ndilo limalamula maganizo a munthu. Koma banja tikalitchula timaona nkhope za anthu ake. Boma tikalitchula timaona khoma, ndipo "la" uja amaligwetsera pamodzi ndi zinthu zimene munthu satsutsana nazo. Ndani anayamba wafunsa dzuwa chifukwa chimene lalowera?

Zotsatira zake ndikuziona zitatu. Choyamba, liuli limabisa munthu. Chaka chimene ndinasankhidwa kubwera kuno ndinafunika chidindo pa fomu ya ngongole ya sukulu, ndipo ndinapita pa ofesi ina imene sindiitchula. Agogo anga akazi anandidzutsa tambala woyamba, nandiuza kuti, "Mdzukulu wanga, uvale malaya oyera aja, ndipo ukakafika usakayang'ane anthu m'maso. Ku boma sapitako ngati kumsika." Tsiku loyamba kalaliki anandiuza kuti, "Achimwene, boma silinaione fomu yanu, mubwere mawa." Tsiku lachiwiri anati boma likadaiona. Tsiku lachitatu, ndalama ya basi itatsala ya ulendo umodzi, ndinalimba mtima ndi kufunsa mai wina wosesa pakhonde kuti kodi vuto ndi chiyani. Maiwo anaseka nati, "Mwana wanga, abwana osunga chidindo anapita ku maliro kwao, ndipo kiyi wa kabati ali m'thumba mwao." Boma limene ndinaliopa masiku atatu linali bambo mmodzi wofedwa ndi kiyi mmodzi. Akanandiuza choncho tsiku loyamba ndikanawapepesa m'mtima ndi kufunsa ngati palibe wina wowagwirizira. Koma boma sungalipepese, sungalifunse, umangolidikira. Kalaliki uja sananame kwenikweni. Anangolowa m'mpanda wa liu ndi kutseka chipata.

Chachiwiri, liuli limasandutsa chuma cha tonse kukhala chuma chopanda mwini. Tonse tinamvapo mau oti "n'za boma izi." Timawanena tikaona mpopi ukutaya madzi pa hositelo sabata yathunthu, tikaona desiki yothyoka, tikaona galimoto ya nambala ya MG itanyamula makala Loweruka. Tanthauzo lake ndi lakuti musadandaule, palibe walira. Munthu yemweyo amene sangathyole chimanga chimodzi m'munda mwa mnansi wake amatenga mapepala a mu ofesi osamva kanthu mumtima, chifukwa kutola za m'mpanda wa mlendo makolo sanakuyese kuba kwenikweni. Mu 2013, pamene zinaululika kuti mabiliyoni a makwacha anabedwa ku Capital Hill pa nkhani ija inatchuka kuti Cashgate, tonse tinkati zabedwa ndi ndalama za boma. Liulo linaziziritsa nkhani. Ndalamazo zinali msonkho wa mai wogula sopo ndi mchere pa golosale, zinali mankhwala amene sanafike ku chipatala cha kumudzi. Tikanamati "ndalama za anthu" kapena "ndalama zathu," bwenzi mkwiyo wake uli wina, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho choopsa, liuli limamanga mtolo umodzi chipani cholamula ndi dziko. M'Nyumba ya Malamulo timati kuli mbali ya boma ndi mbali yotsutsa boma. Kwa ife a pa koleji zimenezi ndi zomveka. Koma taganizani momwe zimamvekera kwa agogo anga, amene kwa iwo boma ndi chipatala, ndi sukulu, ndi polisi. Munthu wotsutsa zimenezo ndi munthu wotani? Kuchokera pa "kutsutsa boma" kufika pa "kuukira boma" ndi phazi limodzi lokha, ndipo m'zaka za chipani chimodzi, chisanafike chisankho cha riferendamu cha 1993, anthu ambiri anataya ufulu wao, ena moyo umene, chifukwa phazi limenelo linkafafanizidwa dala. Lero pa misonkhano ya ndale timamva anthu akukuwa kuti "Boma ilo!" akuloza munthu mmodzi ataima pa galimoto. Zipani zasinthana mipando kuyambira 1994, koma chilichonse chikalowa chimavala liuli ngati jekete la bambo ake, ndipo wofunsa za kayendetsedwe ka chipanicho amaoneka ngati akulimbana ndi dziko.

Ndikudziwa chimene ena a inu mundiyankhe, pakuti mnzanga wa m'chipinda wandiyankha kale. Akuti mau saba ndalama, amaba ndi anthu. Akuti Chingerezi chili ndi mau osiyanasiyana a zinthu zisanu zija koma akuba a m'maofesi aliko ndithu kumene amayankhula Chingerezicho. Akutinso liu likakhala m'kamwa mwa anthu zaka zoposa 130 limaiwala kwao, ndipo mwana wa lero akati boma saona mpanda uliwonse. Zonsezi ndikuvomera. Sindikunena kuti tikasintha liu ndiye kuti mipopi isiya kudontha. Sindikupemphanso kuti tilitaye, pakuti ngakhale Bungwe la Chichewa lija linakhazikitsidwa mu 1972 likanakhalapo lero silikanatha kulizula, ndipo abale athu a ku Zambia nawo analikumbatira, amati "boma iyang'anepo." Liuli ndi lathu tsopano monga momwe zilili mbatata ndi nsapato. Koma mwana wa lero, ngakhale saona mpanda, amaimabe pamene agogo ake ankaima. Tamverani pa wailesi anthu akamadandaula za mlatho wokokoloka: "Tikupempha boma kuti litiganizire." Amapempha, ngati kuti akupempha kwa mlendo wachifundo, zinthu zimene analipira kale. Mbala imaba ndi manja ake, inde, koma imakonda malo a mdima, ndipo liu lotanthauza zinthu zisanu nthawi imodzi ndi mdima wokwanira.

Chonsecho malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 12, amanena poyera kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi, ndi kuti amene azigwiritsa nchito angosungitsidwa. Ganizo limeneli si lachilendo kwa munthu wa kumudzi. Aliyense amadziwa za mbuzi yosungitsa: umaidyetsa, umaimanga madzulo, koma sungaiphe, ndipo mwini akabwera umamuonetsa ndi ana ake omwe. Tilinso ndi liu labwino loti udindo, limene limanena za mtolo umene munthu wasenzetsedwa ndipo adzafunsidwa nawo. Koma m'zolemba zathu ndi m'nyuzipepala udindo ukucheperachepera, ndipo m'malo mwake tikumva za "mipando yonona," ngati kuti ofesi ndi nthuli ya nkhumba.

Tsono pempho langa kwa ife alembi ndi laling'ono. Wandale ali ndi chifukwa chokondera liu la chifunga, kalaliki wotopa nayenso ali nacho, koma mlembi alibe. Nchito yathu ndi kuona. Tisanalembe liu loti boma, tiyambe tadzifunsa kuti mwa asanu aja tikunena uti. Ngati ndi malo, tinene malowo. Ngati ndi chipani cholamula, tinene kuti chipani cholamula, ndipo enawo tiwatche zipani zotsutsa, osati otsutsa boma. Ngati ndi katundu, tiyese kulemba kuti "wa anthu onse" tione ngati chiganizo sichisintha kulemera. Ngati ndi munthu wa mu ofesi, timpatse udindo wake: mlembi wa za malo, woyeza minda, mkulu wa khonsolo, nduna, phungu. Timpatsenso chifuwa, ngongole, mwana wodwala, mantha a kwa abwana ake. Sindikuti timsandutse chilombo ai. Mwina tidzapeza kuti nayenso akuti akuopa boma, ndipo pamenepo nthano idzakhala itayamba kunena zoona. Liu loti boma tilisiye m'kamwa mwa anthu a m'nthano, chifukwa ndi momwe amayankhulira, koma wofotokoza nthanoyo asabisale nawo limodzi.

Kwa mnzanga mwini nthano ija ndikuti: mai wamasiye uja alire ndithu kuti boma lamupha, mau amenewo ndi ake ndipo ndi oona m'kamwa mwake. Koma inu amene munamlenga mukudziwa kuti kalata ija inalembedwa ndi dzanja, ndipo dzanjalo lili ndi mwini wake amene anadya nsima masana a tsiku limenelo. Bwererani pa tsamba lachitatu, pamene maiyo waima pa khomo la ofesi, mutsegule chitseko ndi kulowa naye. Tikufuna timuone amene wakhala kuseri kwa tebulo, timve chimene ananena, ndi chimene mlamu wa dzino lothyoka uja anamnong'oneza dzulo lake. Mukatero mudzatiwerengerenso, ndipo ine ndidzakhala woyamba kuomba m'manja.